Za Ana a pa Zigafa Amene Anasowa m'Lipoti Lanu

Kapondo,
Mchinji.
18 Novembala.

Kwa Mkulu wa Bungwe la Kafukufuku la Penyetsetsani,
Lilongwe.

Wolemekezeka Bwana,

Ndiyambe ndi kupepesa chifukwa chokulankhulani kudzera m'nyuzipepala ngati kuti ofesi yanu ilibe khomo. Ndinakulemberani mwachindunji kawiri, ndipo kawiri konse ndinayankhidwa mwaulemu kuti bungwe lanu limagwira ntchito ndi zinthu zimene zinasindikizidwa kale. Choncho ndaona kuti n'kwanzeru kuti ndiyambe ndasindikizidwa.

Dzina langa ndine Timoteyo Kapalamula. Kwa zaka 22 ndinkaphunzitsa njira zofufuzira za kakhalidwe ka anthu pa koleji ina ya aphunzitsi, ndipo nditapuma ndinabwerera kuno kwathu kudzalima mtedza ndi soya. Makolo a pa esiteti ya fodya imene ndayandikana nayo anandisankha kukhala mlembi wa komiti yawo ya sukulu, poona kuti ndili ndi magalasi komanso nthawi. Malowo ife timawatchula kuti pa Zigafa, potsata zisakasa zitalizitali zoumitsiramo fodya zimene zandanda pamenepo. Inu m'lipoti lanu mwawatchula kuti Malo 27.

Mwina mwaiwala, pakuti malo amene mumawerenga ndi ambiri, ndiye ndikukumbutseni. Chaka chatha bungwe lina lachifundo linalonjeza kumanga mdadada wa makalasi awiri pa Zigafa, kuti ana aang'ono aleke kuyenda makilomita asanu ndi awiri ndi kuwoloka khwawa limene nthawi ya dzinja limadzaza mpaka m'chiuno mwa munthu wamkulu. Makolo anauzidwa kuti aumbe njerwa. Anaumba, anawotcha. Koma lisanatumize simenti ndi malata, bungwelo linapempha inu kuti mutsimikize ngati anawo alipodi. Lipoti lanu la masamba 68 lapeza kuti pa Malo 27 pali ana asanu ndi anayi osakwana zaka khumi, ndipo lalangiza kuti mdadadawo ukamangidwe kwina. Akuluakulu a bungwelo adzakumana pa 12 Disembala kuti amange mfundo yomaliza. Pamene ndikulemba, pamwamba pa uvuni wathu pamera kale chisoso.

Sindinabwere kudzanyoza njira imene munatsata. Ndi njira yodziwika ndiponso yolemekezeka: m'malo mopita kukafunsa anthu, wofufuza amasonkhanitsa zimene ena analemba kale pa zifukwa zawo, monga makaundula, malipoti ndi ziwerengero, n'kuzifunsa mafunso atsopano. Ndinaiphunzitsa njirayi, ndipo ndidzaiteteza paliponse. Kaundula amakumbukira za zaka makumi awiri pamene munthu waiwala za dzana. Kaundula sadya mafuta a galimoto ndipo safunsa za alawansi. Choposa zonse, kaundula sadzikonzera mlendo. Anthu anga ndimawadziwa, Bwana. Mukanabwera ndi galimoto yoyera yolembedwa pachitseko n'kufunsa kuti ana alipo angati, mukanapeza mazana asanu, ena obwereka ku Ludzi, ena atathamangira kuseri kukasintha malaya kuti awerengedwe kawiri. Pepala siliyembekeza kulandira kanthu, n'chifukwa chake silikokomeza. Zimenezi ndazivomera poyera kuti mudziwe kuti wolemba kalatayi si mdani wanu.

Chofooka cha pepala n'chimodzi, koma chili ndi ana ambiri kuposa Malo 27. Pepala limayankha funso limene linafunsidwa tsiku limene ankalilemba, osati limene wofufuza wabwera nalo lero. Pa mfundo imeneyi ndiloleni ndipereke mathokozo athu, motsata ndondomeko ya lipoti lanu.

1. Tikuthokoza chifukwa cha zimene mwapeza m'buku la esiteti. Bukuli amalemba ndi kalaliki, a Lameki, munthu wa dzanja lokongola amene sanaphonyepo dzina. Muli mayina 86, onse a amuna, ndipo mwawerenga molondola. Chimene bukulo silikanatha kukuuzani n'chakuti linatsegulidwa kuti lisunge mayina a matenanti amene asayina kuti apatsidwe munda, ndipo wosayina amakhala mwamuna. Mkazi amafesa ku nazale, amawokera, amapalira, amathyola fodya, amamusoka ndi kumupachika pa mikangala ya m'zigafa kuti aume, koma cholembera sachikhudza. A Lameki sanamufunsepo dzina chifukwa bukulo lilibe danga lomulembamo. Inu, mutaona amuna 86 opanda mkazi n'mmodzi yemwe, mwalemba pa tsamba 31 kuti Malo 27 ndi dera la amuna osakwatira, ndipo mwachifundo mwalangiza kuti m'malo mwa sukulu apatsidwe mipira iwiri ndi matabwa a bawo kuti asamasungulumwe.

Tsambali ndinaliwerenga mokweza pa msonkhano wa komiti. A Laston, amene anachokera ku Mulanje ndipo alima pano nyengo 19, anamva tsiku lomwelo kuti ndi osakwatira, ndipo ndinaona kuti nkhaniyo sinawaipire msanga. Koma akazi awo, mayi Anasi, anali atakhala kumbuyo kwawo. Sanakweze mawu. Anangoti, "Ngati ndi osakwatira, chaka chino fodya asoke okha." Amayi ena onse anagwirizana nazo. Kuyambira tsiku limenelo a Laston amadutsa kwathu m'mawa uliwonse kudzafunsa ngati kalatayi yatumizidwa, ndipo ndinganene kuti palibe munthu m'boma lino amene akufunitsitsa kuti sayansi ikonzedwe kuposa iwowo.

2. Tikuthokoza kwambiri chifukwa cha zimene mwapeza m'kaundula wa ku sikelo. Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ana athu anasowera.

Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse, mlangizi wa zaumoyo, mayi Esitele, amabwera pa njinga pa Zigafa, amamangirira sikelo ku nthambi ya mtengo wa mango, n'kuyeza ana osakwana zaka zisanu. Mwana aliyense amalembedwa dzina, zaka, kulemera kwake, mudzi, mfumu ndi boma. Mayi Esitele amalemba zimene auzidwa, monga mmene ntchito yawo imafunira. Koma tenanti mukamufunsa mudzi wake sanena kuti ndi pa esiteti, ngakhale atakhalapo mpaka imvi. Amatchula mudzi umene anachokera, mfumu ya kumeneko ndi boma la kumeneko. Si kuti sakumva funso, ndipo si bodza. Ndi mmene munthu wa kuno amadziwira kuti iye ndi ndani. Nditawafunsa a Laston chifukwa chimene amalembetsera ana awo ku Mulanje pamene onse anabadwira pano, anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. Anati, "Aphunzitsi, pano ndi pantchito. Mudzi ndi kumene adzakandiike."

Mwambowu umatsikira kwa ana ngati mfunda. Mtsikana wina dzina lake Luwiza, amene ndimutchulenso kutsogoloku, anabadwira pa Zigafa zaka 24 zapitazo. Ku Phalombe anapitako kawiri, maulendo onse a maliro. Kabuku kake ka kuchipatala kamati ndi wa ku Phalombe, ndipo ka mwana wake, amene sanafikepo ndi pa msika wathu wa Kamwendo pomwe, kamanenanso chimodzimodzi.

Tsono kaundula uja, pamodzi ndi a zaka zam'mbuyo, atalowetsedwa m'kompyuta, inu munauza makinawo kuti asanje ana potsata mudzi, ndipo makinawo anamvera. Ana 94 amene anayezedwa pansi pa mtengo wathu mwezi wa Okutobala anagawidwa mwachilungamo pakati pa Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Dedza. Simunalephere kuona kuti pali chachilendo. Pa tsamba 44 mwayamikira kuti ntchito za umoyo m'dera lino zili ndi mbiri yabwino kotero kuti zimakopa ana ochokera m'maboma akutali. Ndawerengetsera mtunda wake. Ngati tsambali likunena zoona, ndiye kuti kuli amayi a ku Mulanje amene mwezi ndi mwezi amabereka mwana, kuyenda makilomita oposa mazana anayi, kumukoleka pa mtengo wa mango wa ku Mchinji, n'kubwerera tsiku lomwelo. Amayi oterewa akuyenera lipoti lawolawo.

Ndinapempha mayi Esitele kuti andionetse buku lenilenilo, ataphimba mayina a ana monga malamulo afunira. Pa chikuto pake analembapo ndi inki yofiira, zilembo zikuluzikulu, kuti SIKELO YA PA ZIGAFA. Yankho lonse linali pamenepo. Koma wolowetsa zinthu m'kompyuta amayambira pa tsamba loyamba. Chikuto sachiwerengera kuti ndi umboni, amachitsegula n'kuchigoneka chafufumimba pa tebulo.

Mungafune kudziwa kuti ana asanu ndi anayi amene munawapeza ndi a ndani. Asanu ndi a kalaliki Lameki, anayi ndi a kapitawo. Awiriwa ndi okhawo amene amalemba dzina la esiteti pa danga la mudzi, chifukwa amalandirira makalata pomwepo ndipo amaona kuti n'zapamwamba. A Lameki atamva kuti oposa theka la tsogolo la Malo 27 ali m'nyumba mwawo, anayamba kuyenda mosiyana ndi kale.

3. Tikuthokoza chifukwa cha ulemu wa pa tsamba 47, pamene mwatchula Malo 27 kuti ndi chitsanzo cha kulera m'chigawo chonse chapakati, popeza amuna 86 ali ndi ana asanu ndi anayi okha. Ndingopempha modzichepetsa kuti amene analemba tsamba 47 akumane ndi amene analemba tsamba 31. Amuna osakwatira akachita bwino pa kulera, m'maphunziro athu sitinkathamangira kuwapatsa mphotho.

4. Tikuthokozanso chifukwa chofukula kafukufuku wa bungwe lina amene anachitika zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, amene anapeza nyumba 70 zotseka ndi kulemba kuti anthu akusamuka m'derali. Za kukalamba kwake sindinenapo zambiri, ngakhale kuti mwana amene anabadwa sabata imene ankafufuzayo tsopano akudziwa kuchotsera ndi kuphatikiza. Chimene ndikufuna muone ndi deti limene lili m'munsi mwa tsamba lachiwiri la kafukufukuyo, mwa zilembo zing'onozing'ono. Unali mwezi wa Ogasiti. Umenewo ndi mwezi umene fodya amakhala atagulitsidwa, nazale isanayambe, ndipo mabanja ambiri amakwera basi kukaona abale kwawo kwa masabata atatu kapena anayi. Wofufuza uja anagogoda moona mtima pa zitseko 70, ndipo analemba moona mtima kuti sanayankhidwe. Akanabweranso mu Sepitembala akanasowa popondetsa phazi.

5. Pomaliza, tikuthokoza chifukwa cha ndime imene yandisangalatsa koposa monga mphunzitsi, ya pa tsamba 52, pamene mwanena kuti zotsatira zanu n'zosakayikitsa chifukwa magwero atatu osiyana agwirizana. Mfundoyi ndi yoona nthawi zambiri, ndipo ndinkalemba chongi chachikulu wophunzira akaikumbukira pa mayeso. Koma ili ndi lamulo lake: mboni zitatu zimalimbitsana ngati iliyonse inaima pake ndi kuona ndi maso ake. Mboni zanu zitatu zinaima malo amodzi. Buku la esiteti linafunsa kuti wasayina ndani. Kaundula wa ku sikelo anafunsa kuti kwanu n'kuti. Kafukufuku wa Ogasiti anafunsa zitseko. Palibe mwa zitatuzi imene inafunsa kuti ndani amagona pano, amadzuka pano, ndipo adzafuna kalasi pano. Zinagwirizana chifukwa zonse zili ndi khungu diso limodzimodzi, ndipo khungu limenelo lili ndi chifukwa chimodzi: tenanti ndi banja lake amawerengedwa ngati alendo ndi aliyense, kuphatikizapo iwo eni. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Inu munatuma akandimverere atatu, ndipo onse anabwerako ndi maluwa a mtundu umodzi.

Tsopano ndiloleni ndikuuzeni za gwero lachinayi, limene silinafike pa tebulo lanu chifukwa lilibe chidindo. Luwiza uja anamaliza Folomu 4, ndipo kwa zaka zitatu wakhala akuphunzitsa ana a zaka zisanu ndi chimodzi mpaka zisanu ndi zinayi mongodzipereka, m'chigafa chimodzi chimene mwini esiteti amabwereketsa chikakhala chopanda fodya. Ali ndi kope lokutidwa ndi pepala la kalendala yakale, mmene amaitaniramo mayina m'mawa uliwonse. Muli mayina 112. Luwiza sanaphunzirepo za kafukufuku, koma polemba mwana watsopano safunsa za mudzi. Amamufunsa kuti amagona nyumba iti, chifukwa akajomba amafuna kudziwa khomo lokagogoda.

Kope limeneli nalonso ndi zolembedwa ndi munthu wina pa chifukwa chake, choncho ndinalikayikira monga mmene ndikanafunira kuti inu mukayikire mabuku anu. Luwiza akuufuna mdadadawo, ndipo munthu wofuna chinthu dzanja lake limatha kuwonjezera mzere. Ndiye ndinapita m'chigafamo katatu, masiku osiyana, osanena kuti ndikubwera, n'kuwerenga mitu ndekha. Ndinapeza 103, kenako 98, kenako 107. Amene anajomba tsiku lachitatu ndinawatsata m'makomo ndipo onse asanu ndinawaona: awiri ali ndi malungo, awiri akulera ang'ono awo, mmodzi atabisala kuseri kwa khola chifukwa chosalemba ntchito ya kunyumba. Masiku atatu a munthu wokalamba woyenda ndi ndodo si kafukufuku woti n'kumusindikiza. Ndangofuna kusonyeza kuti kufunsa pepala mafunso anayi, akuti analilemba ndani, liti, chifukwa chiyani, ndipo anasiya ndani, sikufuna galimoto.

Chimene chikutithamangitsa ndi ichi, Bwana. Sukulu ya Luwiza imatsegulidwa mu Sepitembala ndipo imatsekedwa ndi fodya. Kumapeto kwa Januwale tsamba loyamba likathyoledwa, mikangala imadzaza ndipo bolodi limatulutsidwa panja. Nthawi yomweyo ndi imene khwawa limakhala lodzaza, moti sukulu ya kutsidya ana aang'ono sangaifike. Mwana wosowa kalasi pa esiteti sakhala nthawi yaitali osapatsidwa chochita. M'chigafa chomwecho mmene ankaphunziramo kulemba dzina lake amabwereramo, koma ali ndi singano ndi chingwe m'manja. Makolo amene anaumba njerwa zija amadziwa zimenezi kuposa ine, pakuti ambiri a iwo anakula motero. Anaumba kuti Januwale wa chaka chamawa akhale womaliza wa mtundu umenewu.

Pempho langa ndi laling'ono, ndipo ndaligawa patatu kuti musankhe chimene sichisokoneza ndondomeko zanu.

Ngati n'kotheka, tumizani wofufuza mmodzi, ngakhale wamng'ono kwambiri, Lachiwiri pa 3 Disembala, tsiku la sikelo. Akwere minibasi mpaka pa Kamwendo, pamenepo auze wa njinga yamoto aliyense kuti akupita pa Zigafa. Asatchule Malo 27, angamutengere ku Zambia. Asabwere ndi galimoto yoyera, pa chifukwa chimene ndavomera kale. Akafika aime pakati pa mtengo wa mango ndi chigafa cha Luwiza cha m'ma 9 koloko, n'kuwerenga. Mayi Anasi alonjeza kuti adzamuonetsa akazi a amuna osakwatira aja mmodzimmodzi.

Ngati njira yanu siyilola kuti wofufuza aone ndi maso chinthu chimene akuchifufuza, ndikumvetsa, ndipo sindikufuna kuti muphwanye mwambo chifukwa cha ife. Pamenepo ndikukumbutsani kuti kalata ino tsopano yasindikizidwa. Yalembedwa ndi munthu wina, pa chifukwa chake, inu kulibe. Yakwanitsa zonse zoyenereza umboni umene mumaukhulupirira. Idulenitu m'nyuzipepalamu, muidinde, muiike m'faelo, ndipo mmodzi wa anyamata anu aitulukire mwangozi lisanafike tsiku la 12 Disembala. Sitidzanena kuti inachokera kwa anthu amoyo.

Koma zonsezi zikakanika, ndipo lipoti likaima monga liliri, tikupempha tsamba limodzi lokha lowonjezera, la 69, lotiuza boma limene tikatule njerwa zathu, kaya ndi Mulanje, Phalombe, Thyolo kapena Dedza, popeza kumeneko ndi kumene mwapeza kuti ana athu amakhala. Za onyamula musade nazo nkhawa. Ana asanu ndi anayi sangathe uvuni wonse, koma tili ndi ena oposa zana amene kulibe, ndipo kuyambira Januwale adzakhala alibe kalasi yowachedwetsa.

Ndine wanu wodzichepetsa, amene mpaka lipoti lotsatira ndikukhulupirira kuti ndilipo,

Timoteyo Kapalamula,
Mlembi wa Komiti ya Sukulu ya pa Zigafa.